Mpando Wakutsogolo m'Galimoto ya Victor

Ndinene poyambirira pomwe kuti wolakwa ndine, kuti musataye nthawi kundimvera chisoni. Laban sanandilakwire. Ngakhale a Victor ndi galimoto yawo yakudayo, amene ndakhala ndikuwatukwana chamumtima masabata atatu tsopano, sananditseke pakamwa. Mawu ofunika anali awiri okha: "Imani apa." Sindinawanene.

Ndine Phyllis, kwathu ndi ku Zomba, koma zaka zinayi zapitazi ndakhala ku Scarborough kwa amalume anga a Bester ndi akazi awo, Anti Grace. Ntchito ndimagwira ku Oakville, kusamalira agogo ena achizungu. Amayi kumudzi amaganiza kuti ndi pafupi poti konseko timangoti Toronto. Pafupi pati! Ndimakwera basi, kenako sitima yapansi, ndikafika pa Union n'kukweranso sitima ina yaikulu. Zili ngati kugona ku Zomba, ntchito n'kumakagwira ku Ntcheu.

Pa Union pomwepo ndi pamene ndinakumana ndi Laban. Tsiku limenelo ndinali pa foni kukalipira mng'ono wanga.

"Iwe Sungeni, usandiyankhe ngati ndine mnzako, wamva?"

Kumbuyo kwanga munthu anaseka. "Mukhululukireniko chabe Sungeni, ni mwana."

Nditatembenuka ndinaona mwamuna wamtali, chipewa chaubweya chitaphimba makutu, m'manja muli fulasiki. Anati kwawo ndi ku Chipata, amakhala ku Brampton, ndipo ntchito amagwira m'tauni momwemo. Sitima yake inkafika 6:40, yanga inkanyamuka 6:52. Chibwenzi chathu chinakulira m'mphindi khumi ndi ziwiri zimenezo, chaka ndi theka, titatsamira chipilala chomwechomwecho, tikumwa tiyi wa jinja pa chivundikiro cha fulasiki chimodzi. Anthu ena amafunsirana ku malo odyera. Ine Laban anandifunsira mawu ake akupikisana ndi chimkuzamawu cholengeza masitima, mpaka ndinachita kumuuza kuti abwereze.

Ndinamulola. Ndinkamukonda, ndipo ndimamukondabe, n'chifukwa chake nkhaniyi ikundipweteka.

* * *

Vuto la Laban, kwa Anti Grace, linali limodzi: analibe galimoto.

"Kuno galimoto ndi miyendo, mwana iwe," ankatero uku akupukuta mbale. "Ukadzatenga mimba, matenda n'kuyamba sinowo ikugwa, adzakuperekeza pa siteji? Mwamuna wa basi!"

"Anti, nanga amalume si oyendetsa basi?"

"Amayendetsa, koma unawaonapo atakwera? Amapita ku ntchito pa galimoto yawo ngati munthu."

Laban naye anali ndi mutu wake. Mayeso oyendetsa anawalephera kawiri, kenako anangoti basi, zimenezi sindizifunanso. "Anthu akubwera ndege iliyonse, misewu ni yomweyo," ankatero. "Aliyense akagula motoka, tizaima chabe pa msewu wa 401 mpaka Yesu abwere." Ine ndinkaseka, koma Lamlungu ndikamachokera kokamuona, maola atatu ndili m'njira, zala zitauma gwaa, mawu a Anti ankandibwerera.

Amene Anti ankawafuna anali a Victor, a ku Lilongwe, mkulu wa kwaya ku tchalitchi kwathu, osakwatira, galimoto yakuda yonunkhira bwino yokhala ndi mipando yotenthetsa. Tsiku lina mvula itatitsekera ku tchalitchi anandiperekeza kunyumba, ine n'kukhala kutsogolo osaganiza kanthu. Abale inu! Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Brampton. Azungu sangamvetse, kwa iwo mpando ndi mpando. Koma pakati pa ife Amalawi ndi Azambia a kuno, mpando wakutsogolo m'galimoto ya mwamuna uli ndi mwini wake. Azimayi a ku tchalitchi sayang'ana mphete, amayang'ana amene watsika kutsogolo.

M'mawa mwake pa Union, Laban anandithirira tiyi osandiyang'ana.

"Sinikukaniza kukwera," anatero. "Ukavutika, kwera. Koma osati kutsogolo, Phyllis. Anthu ananiseka."

"Sizidzachitikanso."

"Walonjeza?"

"Ndalonjeza."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse, tiyi wake ali m'manja mwanga.

* * *

Amalume ndi munthu wachilungamo. Nditawauza za Laban anati abwere ndi nkhoswe yake adzaonekere, monga mwa mwambo. Tinapangana Loweruka lachiwiri la February, 2 koloko masana. Amalume anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti ayambe 4 koloko.

Laban analibe m'bale kuno, choncho anapempha a Sydney, bambo achikulire a ku Zambia amene amamutenga ngati mwana wawo. Iwowa galimoto ali nayo, koma imodzi nyumba yonse, ndipo mwana wawo wamkazi Twaambo, namwino, anati Loweruka limenelo waitanidwa ku ntchito mwadzidzidzi, aitenga. Twaambo ameneyu ndinali nditamuonapo kawiri, ndipo maulendo onse awiri ankamutchula Laban kuti "ba Labs" uku akumuchotsa tiulusi pa jekete. Sindikunena kuti anachita dala. Ndikungonena kuti ndinamuona.

"Osadandaula," Laban anandiuza pa foni Lachisanu. "Tizanyamuka 10 koloko. Amayi a Twaambo atibwereka mbale."

Kwawo kwa Laban, munthu akamakafunsira mkazi amanyamula mbale ziwiri zovundikirana, atazimanga m'chitenje. Eni mwana akazilandira n'kuzivundukula, ndiye kuti nkhani yayambika. Akazibweza, palibe chimene chachitika.

Loweruka kunacha ndi sinowo. Cha m'ma 11 Anti anati nyama yambuzi yachepa, alendo tiwachititsa manyazi, tipite kusitolo ya Amwenye ija yakutali. Galimoto ya amalume anati isasunthe poti misewu inali isanakonzedwe. Ndisanavale n'komwe nsapato, foni ya Anti inalira: a Victor anali atafika kale pansi.

Popita ndinakhala kumbuyo, limodzi ndi Anti. Pobwera, ndikutsegula chitseko chakumbuyo, ndinapeza Anti atayala matumba mpando wonse, iwo atakhala pakati ngati mfumukazi.

"Khala kutsogolo, kuno kwadzaza."

"Anti, matumbawo tiike ku buti."

"Mazira aswekere ku buti? Iwe, nthawi ikutha, nyamayi iphikidwa liti?"

A Victor anali atanditsegulira kale chitseko, akumwetulira. Kunkazizira koopsa. Ndinadziuza kuti ndi mphindi makumi awiri zokha, angandione ndani? Ndinakhala. Mpando unali wofunda, ndipo ndisaname, thupi langa linakondwa.

* * *

Inali 1:30 pamene tinaima pa maloboti a pa Markham Road. Pambali pomwepo panali siteji, anthu atadzaza mpaka kusefukira m'kanyumba kagalasi kaja: Amwenye, Afilipino, azimayi ovala mipango ali ndi ana, ana asukulu ndi zikwama zawo. Basi inabwera itadzaza thi, sinaime n'komwe.

"Chisoni," Anti anatero kumbuyoko, koma mawu awo munalibe chisoni. "Tawaonani. Mwina alendo athu aja ali momwemu." Anaseka, a Victor nawo n'kuseka.

Ndipo analidi momwemo.

Laban anaima kunja kwa kanyumbako, atavala suti yabuluu imene ndinamusankhira ine, mutu uli pamtunda poti anali atameta kumene ndipo sanafune kuti chipewa chimuonongere. Sinowo inali itamuyeretsa mapewa. Pachifuwa anafungatira kamtolo ka chitenje chofiira ngati khanda. Pambali pake a Sydney ankaponda pansi mosinthanitsa miyendo kuti afunde.

Kuchokera pamenepo kufika kwathu ndi mphindi zisanu ndi ziwiri pa galimoto. Matumba a Anti akanalowa ku buti, anthu awiri akanakwana bwinobwino. Anti ndi a Victor sanawaone. Ndinawaona ndine ndekha.

Koma ndinaganiza za mpando umene ndinakhalapo. Ndinaganiza za nkhope ya Laban akaona amene watsika kutsogolo, pamaso pa nkhoswe yake, pa tsiku lakelake. Ndinaganizanso za Anti, mmene akanakambira nkhaniyi ku tchalitchi chaka chonse, kuti mkamwini tinachita kumutola pa siteji. Ndinati basi ina ibwera pompano, afika, sadziwa kanthu.

Ndinawerama n'kumakhala ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Nsapato yake inali ya zipi.

Galimoto itayamba kuyenda ndinadzuka msanga. Ndinafulumira. Maso anga anakumana ndi a Laban pagalasi, ndipo dzanja lake linali litayamba kale kukwera kuti atiimitse. Linaima m'malere, kenako linabwerera pa chitenje chija.

"Wangoti zii bwanji, Phyllis?" a Victor anafunsa. "Mantha a ukwati?"

Ndinangoyang'ana kutsogolo mpaka tinafika kunyumba.

* * *

2 koloko inakwana. Kenako 3. Ine ndinali kuchipinda monga mwambo umafunira, foni ili m'manja, koma chala chimakana kuimba. Ndikanati chiyani? Anti anali atauza a Victor kuti asapite asanalawe nyama, ndiye anali pabalaza, mwendo pamwamba pa unzake.

Belu linalira 3:45. Ndinasuzumira pa mpata wa chitseko. Mabasi atatu anawadutsa odzaza, taxi ya pa foni inkangowauza kuti adikire, mapeto ake anayenda wapansi, a Sydney akupumira m'njira. Mathalauza awo anali atanyowa mpaka m'mawondo. Nsapato za bambo achikulirewo zinasiya timadzi pakhomo, Anti n'kubwera ndi chokolopera alendo asanakhale n'komwe pansi.

Amalume anali atavala kale yunifolomu, makiyi ali m'manja.

"Pepani kwambiri, bambo," a Sydney anayamba, akuomba m'manja mwaulemu. "Njira yativuta."

"Ndamva, ndipo pepani ndi kuzizira," amalume anatero. "Koma nkhani ya mwana wa mlongo wanga sindingaikambe choimirira, diso lili pa wotchi. Mbalezo bwererani nazo kaye." Anatembenukira kwa Laban. "Nanga iwe, foni unalibe? Ukanaimba, ndikanabwera kudzakutengani."

Laban anayang'ana a Victor, amene anali ndi fupa m'manja. Kenako anayang'ana chitseko cha chipinda changa, ngati akudziwa kuti diso langa lili pamenepo.

"Tinaganiza kuti alipo amene watiwona," anatero.

Amalume sanamvetse, anangopukusa mutu n'kutuluka. A Victor anadzipereka kuti awaperekeze alendowo ku siteshoni. Laban anathokoza mwaulemu, nati azolowera kuyenda. Chakudya chonse chija sanachilawe. Ndinamva chitseko chikutsekeka, ndipo ndinalira chokwirira nkhope mu pilo kuti Anti asasangalale.

* * *

Ndinalemba mameseji ambirimbiri. "Laban, ndifotokoze." "Anti ndi amene anandikakamiza." "Chonde yankha." Anayankha kamodzi kokha, Lamlungu masana:

"Za mpando nikanakukhululukira pomwepo. Koma unawerama, Phyllis. Ba Sydney ali na chifuwa manje."

Lolemba ndinaima pa chipilala chathu pa Union. Sitima ya ku Brampton inakhuthula anthu ake, mazanamazana, onse othamanga. Laban munalibe. Ndinasiya sitima yanga ipite, n'kudikira ina. Lachiwiri chimodzimodzi. Anali atasintha sitima, ndipo mumzinda uno munthu akasintha sitima wasowa basi, ngakhale mukupuma mpweya umodzi.

A Victor anayamba kutumiza mauthenga a m'mawa okhala ndi maluwa ndi mavesi. Anti ankaimba nyimbo kukhitchini.

"Waona? Mulungu amayankha," anandiuza. "Mwamuna wolephera kufika pa nthawi tsiku lofunsira, pa tsiku la maliro ako adzafika atakwirira kale."

Zinandikwana. Sabata yachitatu, Lamlungu m'mawa, ndinapeza amalume ali okha akupukuta nsapato zawo, ndinagwada, n'kuwauza zonse: matumba, mpando, maloboti, nsapato ya zipi. Anasiya kupukuta.

"Ndiye anthu aja unawaona?"

"Ndinawaona, amalume."

Anaika nsapato pansi. "Ukudziwa, ine tsiku lililonse ndimadutsa anthu pa siteji. Basi ikadzaza ndilibe chochita. Koma ndimawayang'ana kumaso, n'kuwakwezera dzanja, adziwe kuti ndawaona. Zimandiwawa mpaka lero. Iwe malo unali nawo." Anapumira m'mwamba. "Ndipo ine ndinabweza munthu wamkulu atanyowa, chifukwa cha iwe. Wandichititsa manyazi, Phyllis."

"Pepani, amalume."

"Usapepese ine. Pita ukawauze abwerenso. Loweruka likubwerali ndili ku ntchito tsiku lonse, koma linalo ndidzawatenga ndekha pakhomo pawo."

Ndinaimba foni nthawi yomweyo. Sanayankhe. Ndinati nkhani ngati iyi si ya pa meseji, ndikainena ndi pakamwa panga pomwepa pamene panalephera paja.

* * *

Lamlungu lomwelo sindinapite ku tchalitchi. Basi, sitima yapansi, sitima ina, basi inanso. Laban amachita lendi chipinda chapansi kumapeto kwenikweni kwa Brampton, kumene chaka chatha kunali minda koma lero kuli nyumba zofanana ngati anazidinda, khomo lililonse magalimoto atatu kapena anayi. Basi yomaliza yopita kumeneko Lamlungu imabwera ikafuna. Ndinaima ndekha pa siteji yopanda ndi kanyumba komwe, mphepo ikundimenya kumaso, ndikubwereza mumtima zimene ndikanene.

Magalimoto ankangodutsa. Aliyense ali yekhayekha m'kati, mipando itatu yopanda munthu. Palibe amene anacheuka. Ndinati ndi zimenezitu, Phyllis, lawa.

Kenako galimoto yotuwa inadutsa pang'onopang'ono, mokayikakayika. Inapitirira pang'ono, n'kuima modzidzimutsa mpaka inagwedezeka. Galasi la mbali yanga linatsika, ndipo nkhope imene inatulukira inali ya Twaambo.

"Iii, ba Phyllis! Mufuna chani kuno na mphepo iyi?"

Maso anga anali pa amene anagwira chiwongolero. Anali Laban. Laban yemwe uja wa 401 ndi kubwera kwa Yesu, manja onse awiri ali gwa pa chiwongolero ngati wina amulanda.

"Nikuwaphunzitsa," Twaambo anatero, akumusisita paphewa. "Tsiku lililonse tikaweruka. Lamulo likuti wophunzira azikhala na munthu wa laisensi pambali pake, ndiye mpando uno wakhala wanga." Anaseka. "Ine ninati tiyeni tipite, tachedwa, koma aumirira kuima."

Laban sanandiyang'ane. Ankayang'ana msewu.

"Ine sinipitirira munthu amene nimudziwa," anatero. "Kwera."

Akanandimenya mbama zikanakhala bwino. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Uthenga wa amalume unali pakamwa penipeni, koma ndikanaunena bwanji ndikuyang'ana nkhongo zawo ziwiri?

Ndikuti ndikhale, dzanja langa linagunda chinthu cholimba, chinalira kuti ngwe. Chinali chitenje chofiira chija, mfundo yake yomangidwa mwatsopano.

"Samalani, musakhalire mbalezo," Twaambo anatero, akundiyang'ana pa kagalasi. "Zili na ulendo Loweruka likubwerali."

Loweruka likubwerali amalume ali ku ntchito tsiku lonse, ndipo kwathu sakuyembekezera mlendo aliyense. Ndinayang'ana Laban kuti atsutse, kuti aseke, kuti anene chilichonse. Iye anangoyatsa indiketa mosamala, nacheuka kuona ngati kukubwera galimoto, n'kulowa mumsewu. Ine ndinanyamula mbale zija n'kuziika pamiyendo panga kuti zisagwe.